Tikumbukire Jimmy Hill, ndipo akale athu apatsidwe maikolofoni

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse anzanga okonda mpira za Jimmy Hill wa ku England, yemwe anamwalira pa 19 December 2015 ali ndi zaka 87. Achinyamata amene amadzaza mashedi oonetsera mpira ku Kawale ndi ku Area 25 dzinali salidziwa, komatu mapointi atatu amene amawakanganirana Loweruka lililonse anawalimbikira ndi iyeyo. Kale timu ikapambana inkapeza awiri okha, choncho makochi ambiri ankangotseka kumbuyo n'kukhutira ndi kufanana mphamvu. England inasintha mu 1981, ndipo pa World Cup njirayi inayamba kugwira ntchito mu 1994. Lero Silver Strikers ikapambana, timawerenga momwemonso.

Hill anasewerera Brentford ndi Fulham. Sanali katswiri wogwedeza dziko, koma anali ndi mutu komanso pakamwa. Ali wapampando wa bungwe la osewera la PFA, anathetsa mu 1961 lamulo loti wosewera asalandire zoposa mapaundi 20 pa sabata, ngakhale bwalo lidzaze bwanji. Posakhalitsa mnzake wa ku Fulham, Johnny Haynes, anayamba kulandira mapaundi 100. Kenako anaphunzitsa Coventry City n'kuichotsa m'ligi yachitatu kufika nayo m'ligi yaikulu mu 1967.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ntchito yake ya pa kanema. Pa World Cup ya 1970 anasonkhanitsa anthu odziwa mpira kuti azikambirana masewero pa ITV, ndipo kuyambira 1973 ankatsogolera pulogalamu ya mpira ya Match of the Day pa BBC. Ankabweza chithunzi pang'onopang'ono n'kuonetsa woonera pamene wotchinga kumbuyo anasiyira munthu wake. Malamulo ankawadziwa moti mu 1972, wothandizira woyimbira atavulala pa masewero a Arsenal ndi Liverpool, iye anatsika pamene anakhala, n'kutenga mbendera mpaka mpira unatha.

Nanga ife kuno? Tili ndi amuna amene anatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, amene anapita ku Africa Cup of Nations koyamba mu 1984. Ena, monga a Jack Chamangwana, anatisiya kale mu 2018, ndipo zambiri zimene ankadziwa anapita nazo kumanda. Otsalawo ena timakumana nawo pa geti ya bwalo ataima pamzere ngati aliyense, achinyamata akuwakankha osawazindikira n'komwe. Zimandiwawa kwambiri.

Owulutsa athu ndimawalemekeza, amatikometsera mpira ndi Chichewa chokoma. Koma kufuula kuti chagona muukonde ndi ntchito ina, kufotokoza chifukwa chake chalowa ndi inanso, ndipo yachiwiriyi amaitha bwino ndi munthu amene anakhetsapo thukuta pabwalopo. Ndikupempha nyumba zoulutsira mawu ndi a kanema kuti pa masewero a pa Bingu, pa Silver ndi pa Civo azikhazika wosewera wakale pambali pa wowulutsa, amuphunzitse kalankhulidwe ka pa wayilesi, komanso azimulipira monga wantchito, osati kungomupatsa ya minibasi.

Wokonda mpira,
Kawale, Lilongwe