Dandaulo pa magiza a gasi ndi waranti yake

Salima

Kwa Bwana Woyang'anira Malonda,

Bwana,

Ife ndife amisiri oika mapaipi a madzi ndi a gasi m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay. Makasitomala athu atatu anagula kwa inu magiza a gasi (zipangizo zotenthetsera madzi) otulutsa malita 10 a madzi otentha pa mphindi, ndipo munawalonjeza waranti ya miyezi 12. Magiza onse atatu afa miyezi isanu isanakwane. Ofesi yanu yakana kuwakonza ponena kuti anaikidwa molakwika, chonsecho palibe mmisiri wanu ndi mmodzi yemwe amene anafika kuno kudzaona.

Tiyambe ndi awiri oyamba. Munthu akatsegula mpopi wa madzi otentha, madzi amakankha labala yamkati mwa valavu, labalayo n'kukankha kachitsulo kamene kamadina kaswichi kotchedwa micro switch. Apo mabatire awiri a D amathethetsa moto, solenoid (valavu yoyendera magetsi) n'kutsegula gasi. M'magiza awiriwa labala yang'ambika m'mphepete, moti madzi akudontha pa kachitsulo kaja ndipo moto sukuyaka. Pafoni munati vuto ndi kuchepa kwa mphamvu ya madzi. Zoona, thanki ya nyumba imodzi ili mamita 6 okha pamwamba pa giza, kutanthauza pafupifupi 0.6 bar, poti mamita 10 ndiwo amapereka 1 bar (muyeso wa mphamvu ya madzi). Koma madzi ofooka sang'amba labala. Amangolephera kuikankha, giza n'kukhala chete. Labala yong'ambika pa miyezi inayi ndi labala yosalimba kuchokera kufakitale. Nyumba inayo ili ndi pampu, mphamvu ya madzi imafika 2 bar, koma labala yang'ambika malo omwewo.

Giza yachitatu imathetheka bwinobwino koma gasi sakutuluka. Mabatire ndi atsopano, lililonse likupereka 1.5 V. Regulator, yochepetsa mphamvu ya gasi wochokera m'silinda, ndi ya 2.8 kPa, yokwanira kupereka gasi woposa 1.5 kg pa ola, amene giza ya kukula uku imadya ikayaka mwamphamvu. Titayeza solenoid ndi mita tinapeza kuti koilo yake yaduka mkati. Kodi pamenepa woika walakwa chiyani?

Sitikunena kuti chilichonse chofa muzilipira inu. Tikudziwa kuti madzi a m'mijigo ina ya kuno ali ndi mchere wambiri, ndipo amasiya zoyera zouma ngati laimu m'mapaipi a kopa mpaka kutseka. Tikudziwanso kuti mchenga umadzaza sefa ya polowera madzi, komanso kuti kunyanja kuno nkhungu ndi akangaude amalowa m'mabowo oyakira moto, lawi n'kusanduka lachikasu, lamwaye. Zimenezi ndi za mwini nyumba. Giza yoikidwa m'bafa lotseka popanda chumuni ifenso timakana kuigwira, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha koma umapha. Magiza atatuwa onse ali panja, pakhoma lokhala ndi denga, sefa zake n'zoyera, mapaipi a kopa osatseka. Zithunzi taziphatika pa kalatayi pamodzi ndi malisiti ndi manambala a magizawo.

Chotipweteka kwambiri ndi kapepala kanu ka waranti. Kali m'Chingerezi chokha, m'tizilembo toti munthu awerenge atayandikiza kumaso, ndipo sikanena mphamvu ya madzi yochepetsetsa imene giza imafuna, mtundu wa regulator, ngakhale mbali zimene waranti siikhudza. Wogulitsa pashopu amangofunsa kuti mabafa ndi angati. Safunsa ngati madzi ndi a m'mipopi ya boma kapena a mjigo, safunsa kutalika kwa thanki. Malamulo amene simunauze munthu pogula musamawatulutse tsiku limene katundu wafa. Mukuuzanso kasitomala kuti anyamule giza yekha kupita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, pomwe kapepala komweko kakuti giza ikachotsedwa pakhoma ndi mmisiri wosakhala wanu waranti yatha. Achite ziti munthuyu? Tinapempha kuti mutigulitse labala ndi solenoid, mukuti masipeya mulibe. Malo ogona alendo amodzi atha milungu itatu akuphitsira alendo madzi pa nkhuni.

Pempho lathu ndi lakuti mutumize mmisiri wanu kuno pasanathe masiku 14, adzasinthe malabala awiriwo ndi solenoid kwaulere, kapena mupereke magiza ena atsopano ndi waranti yoyambira tsiku lowaika. Ngati kutumiza munthu kukuvuta, tumizani masipeyawo ndi kalata yovomereza kuti tiike ife popanda kuthetsa waranti; kusintha labala ndi ntchito yosakwana ola. Kapepala ka waranti kalembedwenso m'Chichewa, ndipo mphamvu ya madzi yofunika ilembedwe poonekera pa katoni, kuti munthu wa thanki yotsika adziwiretu kusankha giza yoyaka ndi madzi ochepa mphamvu kapena kugula pampu.

Masikuwo akadutsa osamva kuchokera kwa inu, eni magizawa apita ndi malisiti awo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo ife tikapereka umboni wa zimene tinayeza.

Ife anu,
Amisiri a mapaipi ndi gasi, Salima