Kalata yotseguka kwa a Meya a mzinda wa Lusaka: ana otsala okha m'makomboni

Olemekezeka a Meya,

Ndikulemberani za ana a ku Kanyama, Chawama, George ndi Misisi, amene amaswera okha pakhomo makolo atapita kokasaka ya ufa.

Mayi wogulitsa ndiwo amadzuka tambala woyamba, ulendo ku Soweto Market kukaoda tomato ndi repu. Kamwana ka zaka zisanu amakasiya m'manja mwa mkulu wake wa zaka khumi, kapena kwa "ankolo" a chipinda choyandikana. Pabwalo limodzi mabanja ali thithithi, chimbudzi n'chimodzi, kuseri kwamdima. Potulukira pali shabini imene kachasu amayamba kuthiridwa dzuwa lisanakwere. Mayiyu musamunene kuti ndi wosasamala, chifukwa akakhala pakhomo ana agona ndi njala. Koma wogwiririra mwana kawirikawiri sakhala mlendo. Amakhala munthu wodziwa bwino nthawi imene mayi amabwerera.

Malamulo alipo. Children's Code Act ya 2022 imaletsa kumenya ana ndi kuwakwatiwitsa, ndipo wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 amakakhala kundende zaka zosachepera 15. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani zambiri zimafera m'nyumba. "Tikam'mangitsa tidya chiyani?" Achibale akhala pansi, wolakwa apereka kandalama, mwana auzidwa kuti atseke pakamwa asachititse banja manyazi. Pamene akulu akukambirana choncho, maola 72 amene mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akutha, mwana osafika ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku kiliniki yapafupi.

A Meya, zina mwa izi zili m'manja mwanu. Ziphaso za mabala imapereka ndi khonsolo, ndiye otsegula m'mamawa pakati pa nyumba za anthu, ndi otuma ana kukagula mowa, alandidwe ziphasozo. Ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo mu 2022. Kodi sizingamangeko chipinda pamsika, chokhala ndi amayi odalirika ophunzitsidwa kulera, choti wogulitsa azisiyamo mwana wake pafupi ndi thebulo lake? Maphunziro aulere athandiza ana osinkhukirapo, koma tiana tosayamba sukulu tikadali pabwalo tokha.

Uzaninso makhansala alembetse nambala ya foni yaulere yothandiza ana ya 116 pamakoma a misika, masukulu ndi pamipopi yotungira madzi, m'Chinyanja chomveka, pamodzi ndi malo amene Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, imapezeka m'dera limenelo.

Ine wanu,
Mayi wa ku Chawama