Poyerekeza Revuelto ndi Aventador munaiwala sikelo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene munatulutsa pa tsamba lanu la zamagalimoto, yoyerekeza Lamborghini Revuelto ndi Aventador imene inaipatsa mpando. Mlembi wanu anayala manambala mwaukhondo ndithu. Anati Aventador ili ndi mahosipawa 700 pamene Revuelto ili ndi 1,015, ndipo kuti yakaleyo imatenga masekondi 2.9 kuchoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola pamene yatsopanoyi imatenga 2.5. Pomaliza anagamula zinthu ziwiri: kuti yatsopanoyi yaposa inzake ndi mahosipawa oposa 300, komanso kuti kampaniyi yayamba kuganizira za chilengedwe popeza yaikamo batire. Manambalawo si abodza ayi. Koma mmene anawaikira akusocheretsa owerenga, ndipo za chilengedwezo ndiye ndikukana kwamtuwagalu.

Tiyambe ndi funso loti akunena Aventador iti. Ya mahosipawa 700 ndi ija inaonetsedwa ku chionetsero cha magalimoto cha ku Geneva mu 2011. Galimotoyi inapangidwa kwa zaka 11 ku fakitale ya Lamborghini ku Sant'Agata Bolognese, m'dziko la Italy, mpaka mu September 2022, ndipo onse pamodzi anatuluka 11,465. M'zaka zimenezo sinakhale chimodzimodzi. Mtundu wake wa SV wa 2015 unafika pa mahosipawa 750, SVJ ya 2018 pa 770, ndipo ndi SVJ yomweyo imene dalaivala wa mipikisano Marco Mapelli anazungulira nayo msewu wa mpikisano wa Nürburgring ku Germany kwa mphindi 6 ndi masekondi 44.97, n'kukhala galimoto yogulitsidwa yothamanga kwambiri pamenepo panthawiyo. Yotsekera khomo, Ultimae, inali ndi mahosipawa 780, ndipo pa 100 imafika m'masekondi 2.8. Imeneyi ndiyo Revuelto inalowa m'malo mwake pamene inaonetsedwa mu March 2023. Ma Ultimae anayenera kukhala 600 basi, koma 15 anamira pamodzi ndi sitima ya Felicity Ace imene inayaka moto pafupi ndi zilumba za Azores pa nyanja ya Atlantic mu 2022, mwakuti fakitale inachita kubwereranso n'kupanga ena kuti ogula asatuluke chimanjamanja.

Tikaika Revuelto pambali pa Ultimae, nkhani ija ya mahosipawa 300 imafota. Injini ya petulo ya Revuelto, ya masilinda 12 ndi malita 6.5 monga yakale ija, payokha imatulutsa 825. Yaposa ya Ultimae ndi 45 okha. Otsala 190 aja akuchokera ku mamota atatu a magetsi. Pa 100 kusiyana kwake ndi masekondi 0.3, ndipo liwiro lomaliza silinasunthe: Ultimae imafika 355, Revuelto kampani imangoti imadutsa 350. Pamene pali kusiyana koonekeratu ndi pofika pa 200, pomwe Ultimae imatenga masekondi 8.7 koma Revuelto siikwanitsa n'komwe 7. Nambala imeneyo ndiyo mlembi wanu akanaikweza m'mwamba, koma sinalimo m'nkhaniyo.

Inanso imene sinalimo ndi kulemera. Ultimae yopanda mafuta ndi madzi imalemera makilogalamu 1,550. Revuelto ikayezedwa mwanjira yomweyo imalemera 1,772. Yawonjezera makilogalamu 222, chikhalirecho akatswiri a kampaniyi anayesetsa kupepuza zina zonse. Injini yatsopano imalemera makilogalamu 218, ndipo ndi yopepuka ndi 17 kuposa yakale. Chigoba cha carbon fibre, chipangizo chopepuka koma cholimba, nachonso akuti n'chopepuka ndi 10 peresenti, n'cholimba pa kupotoka ndi 25 peresenti, ndipo mbali yakutsogolo imene inali ya aluminiyamu tsopano ndi ya carbon. Zonsezo anapulumutsa, galimoto n'kunenepabe. Aliyense angathe kuwerengera yekha: pa Ultimae hosipawa imodzi imakoka makilogalamu pafupifupi 2, pa Revuelto 1.75. Yatsopanoyi yapambanadi. Koma mukachotsa mphamvu ya magetsi n'kusiya injini yokha ikoke thupi limenelo, hosipawa imodzi imasenza 2.15, kuipa kuposa yakale. Wina anena kuti popanda batire ndi mamota galimotoyo sikanalemera chonchi, ndipo akunena zoona. Mfundo yanga ili pomwepo. Gawo la mphamvu yatsopanoyi limathera kunyamula zipangizo zimene zikuitulutsa.

Kulemera sikuoneka poponda moto pa msewu wowongoka. Kumaoneka pa mabuleki, pa kona ndi pa matayala. Si mwangozi kuti madisiki a mabuleki akutsogolo akula kuchoka pa mamilimita 400 kufika 410, ndipo zopanira zake zili ndi mapisitoni 10 m'malo mwa 6. Mungathe kuwonjezera mahosipawa mmene mungafunire, koma pomanga buleki kuchoka pa liwiro la 300, kilogalamu iliyonse imasanduka kutentha kumene mabuleki ndi matayala ayenera kumeza.

Tsopano za chilengedwe. Batire la Revuelto ndi la 3.8 kWh, muyeso wa magetsi amene batire limasunga. Nissan Leaf yoyamba ija ya mu 2010, imene anthu ankaidandaula kuti siipita patali, inali ndi la 24 kWh. Pa magetsi okha Revuelto imayenda makilomita pafupifupi 10, ndiye kuti mwini wake angathe kutuluka pa geti m'mamawa osadzutsa oyandikana nawo, kenako injini n'kudzuka. Batirelo likatha mungathe kulitchaja pa soketi kwa theka la ola, kapena injini yomweyo imalidzaza m'mphindi 6, uku ikumwa petulo. Kampani imati utsi wa carbon dioxide watsika ndi 30 peresenti poyerekeza ndi Ultimae. Chiwerengero chotere chimachokera ku mayeso a boma amene galimoto imayamba batire lili lodzaza, ndipo imayendetsedwa modekha. Ndani amagula galimoto ya masilinda 12 kuti aziiyendetsa modekha? Sindikuti kampani inanama. Malamulo a utsi ku Europe akukhwimirakhwimira, ndipo mu 2023 European Union inavomereza lamulo loti pofika 2035 magalimoto atsopano asamatulutse carbon dioxide, choncho wopanga aliyense akufunafuna podzera. Koma kulemba kuti Revuelto ndi galimoto yosamala chilengedwe n'kuwanamiza owerenga anu.

Nanga magetsiwo ali mmenemo chifukwa chiyani? Ine ndikuona ntchito ziwiri, ndipo zonse n'zosangalatsa kuposa zimene munalemba.

Yoyamba ndi yoteteza khalidwe la injini. Taonani zimene ena anachita atalowa m'magalimoto ophatikiza petulo ndi magetsi. Ferrari SF90 Stradale ya 2019 ili ndi masilinda 8 ndi ma turbo, zipangizo zokankhira mpweya wambiri m'injini. Ferrari 296 GTB ndi McLaren Artura zili ndi masilinda 6. Lamborghini yomweyi, pochotsa Huracán mu 2024, inataya injini ya masilinda 10 yopanda turbo n'kuika ya 8 ya ma turbo awiri mu Temerario. Mu Revuelto ndi mmene inasunga masilinda onse 12 popanda turbo. Injini yopanda turbo imapeza mphamvu mwa kuzungulira mwachangu, ndipo iyi imapereka mphamvu zake zonse ikafika pa maulendo 9,250 pa mphindi, n'kukalekera pa 9,500. Ya Ultimae mphamvu zake zinkathera pa 8,500. Vuto la injini yokonzedwera kumtunda chonchi n'lakuti ikamazungulira pang'onopang'ono imakhala yaulesi. Mota ya magetsi ndi yosiyana nayo, imakankha ndi mphamvu zonse ikangoyamba kumene. Choncho mamota amatseka dzenje lapansilo, injini n'kumasuka kukalira kumtunda. Ferrari inasonyeza mu 2024 ndi 12Cilindri kuti injini ya masilinda 12 yopanda batire ingathe kugulitsidwabe, ndiye sindinganene kuti Lamborghini inalibe njira ina. Koma njira imene inasankha ili ndi nzeru zake.

Ntchito yachiwiri ndiyo yaikulu kwambiri, ndipo m'nkhani yanu inangopatsidwa mzere umodzi: giyabokosi. Kuyambira pa Countach, imene inayamba kugulitsidwa mu 1974, Lamborghini inkaika giyabokosi kutsogolo kwa injini, m'ngalande ija yodutsa pakati pa mipando iwiri. Nzeru imeneyi inali ya injiniya Paolo Stanzani, ndipo Diablo, Murciélago ndi Aventador zonse zinatsata momwemo. Malo amenewo ndi opanikizika. N'chifukwa chake Aventador inabwera ndi giyabokosi ya magiya 7 ya klatchi imodzi, pamene Ferrari 458 inali kale ndi ya maklatchi awiri kuyambira 2009, ndipo mng'ono wa Aventador, Huracán, anailandira mu 2014. Kusiyana kwake n'kosavuta kumva. Ya klatchi imodzi imayenera kudula mphamvu, kulowetsa giya ina, n'kulumikizanso. Ngakhale ichite zimenezi m'kanthawi kochepa bwanji, pali kamphindi kamene mawilo salandira kanthu, kenako mphamvu yonse imabwerera kamodzi, mutu wa dalaivala n'kumenya mpando. Ya maklatchi awiri imakhala italowetseratu giya yotsatira, ndiye klatchi ina ikamasiya inzake ikugwira, ndipo mphamvu siiduka. Atolankhani a zamagalimoto anadandaula za kugunda kwa Aventador kwa zaka zonse 11, makamaka m'misewu yodzaza mmene galimoto imangoti kuyenda, kuima.

Mu Revuelto anatembenuza injini kuti kumbuyo kukhale kutsogolo, giyabokosi ya magiya 8 ya maklatchi awiri n'kuigoneka chopingasa kuseri kwa injini. Ngalande ija itatsala yopanda kanthu, anaikamo batire, pansi komanso pakati penipeni pa galimoto, malo abwino koposa oika chinthu cholemera. Shafti imene inkatenga mphamvu kupita ku mawilo akutsogolo anaichotseratu. Tsopano gudumu lililonse lakutsogolo lili ndi mota yakeyake, ndipo pa kona kompyuta imatha kukankha lakunja kwambiri kuposa lamkati kuti mphuno ya galimoto ilowe bwino. Ngakhale rivesi imene, ndi magetsi amene amaigwira. Mota yachitatu ili pa giyabokosi, imadzutsa injini, imathandiza kukankha, komanso imadzaza batire. Apa ndi pamene pali kusintha kwenikweni pakati pa magalimoto awiriwa, pakuti dongosolo limene linakhala zaka pafupifupi 50 lathera pa Aventador.

Ndikudziwa kuti alipo okonda magalimoto amene izi sizikuwakomera. Iwo amati kugunda kuja ndiko kunali moyo wa Aventador, kuti galimoto yotere iyenera kukuopsezako pang'ono, ndipo kuti mapanga awiri avumbwitsa: Revuelto si galimoto ya magetsi yeniyeni, komanso si chilombo chija chakale. Ndimawamvetsa, koma pa giyabokosi sindili nawo. Kugunda kuja kunabwera chifukwa cha kusowa malo ndi kuopa kulemera, anthu n'kukuzolowera mpaka kukukonda. Pa msewu wa mpikisano kungathe kukoma, koma ndi angati mwa eni ake amakhalira kumeneko? Pamene ndikugwirizana nawo ndi pa mawilo akutsogolo. Mu Aventador zimene zinkachitika kumeneko zinkadutsa m'chitsulo kuchokera ku injini. Mu Revuelto amagamula ndi mapulogalamu a kompyuta, ndipo dalaivala amalandira zimene wolemba pulogalamuyo anaona kuti n'zabwino. Galimoto yakhala yosavuta kuthamangitsa, koma luso lina lachoka m'manja mwa woyendetsa.

Za m'kati sindichulukitsa. Muli masikirini atatu, imodzi mwa iwo ya wokwera, malo a miyendo ndi a mutu awonjezereka pang'ono, ndipo zitseko zikutsegukabe chokwera m'mwamba. Zimenezo munazifotokoza bwino.

Chimene ndikanakonda kuti mudzafufuze ndi ukalamba wa galimotoyi. Lamborghini Miura ya 1966 ndi Countach zikuyendabe lero, chifukwa chilichonse chimene chingathe mwa izo, makaniko waluso angathe kuchisula kapena kuchikonza. Aventador nayo, ngakhale ili ndi makompyuta ake, pamtima pake ndi injini, klatchi ndi mashafti. Batire la lithium limakalamba ngakhale galimoto itangoima, ndipo magalimoto amtunduwu ambiri amathera moyo wawo m'magaraja, akuyenda mwa apo ndi apo. Mu Revuelto batire likafooka simungangoti ndiziyendera injini yokha ngati kale, popeza mawilo akutsogolo ndi rivesi zimadalira magetsi. Nkhawa imeneyi si yongopeka. Mu 2024 Ferrari inakhazikitsa ndondomeko yolipira yowonjezera chitsimikizo pa magalimoto ake ophatikiza, momwe batire limasinthidwa m'chaka cha 8 ndi cha 16. Kampani siichita zotere ngati ogula sakufunsa.

Choncho pempho langa, akonzi, n'lakuti mukadzabwereza nkhani yamtunduwu, yerekezani yatsopano ndi yomaliza ya m'badwo wakale, osati yoyamba. Pa ndandanda wa manambala muikepo kulemera pafupi ndi mahosipawa, mulembenso kukula kwa batire musanatchule chilengedwe. Ndipo mlembi wanu akadzapeza mpata wolankhula ndi a Lamborghini, adzawafunse kuti batire la Revuelto adzapitiriza kulipanga kwa zaka zingati galimotoyi ikadzasiya kutuluka m'fakitale, komanso kuti kulisintha kudzadya ndalama zingati.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda zamagalimoto