Buku la Curtain liwerengedwe pomaliza, si loyambira

A Mkonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanuyi ndiyamikire buku la Curtain lolembedwa ndi Agatha Christie, lomwe limatsekera mabuku 33 a katswiri wofufuza milandu uja, Hercule Poirot. Ndikufunanso kuchenjeza omwe angalipeze pa shelefu: mukayamba ndi limeneli mudzadzimana theka la kukoma kwake.

Christie analilemba mkati mwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, n'kulitsekera ku banki. Linakhala kumeneko zaka zoposa 30, ndipo linadzatuluka mu 1975 iye atafooka ndi ukalamba. Anamwalira pa 12 Januwale 1976. Poti linalembedwa kale chonchi, bukuli ndi lokhwima kuposa ena omwe anatuluka lisanatuluke. Tengani Elephants Can Remember la 1972, muona nkhani ikungozungulira pamodzimodzi. Mu Curtain mulibe mawu otayika, poti linalembedwa mwini wake mutu ukugwira bwino. Pa 6 Ogasiti 1975 nyuzipepala ya New York Times inalengeza maliro a Poirot patsamba loyamba ngati kuti wamwalira munthu weniweni.

Nkhani imabwerera ku Styles, nyumba yomwe Poirot ndi mnzake Captain Hastings anafufuzako mlandu wawo woyamba m'buku la The Mysterious Affair at Styles la 1920. Kalelo inali nyumba ya banja lolemera. Tsopano yasanduka malo ogona alendo, zipinda zadulidwadulidwa, madzi osamba ndi ofunda pang'ono chabe. Hastings mkazi wake anamwalira. Akupeza Poirot ali pa njinga ya olumala, nyamakazi yamupinda, mtima ukuvuta, koma tsitsi ndi ndevu zili bii ndi mankhwala odetsa, moti Hastings akuchita chisoni kuziyang'ana. Munthu amene sanamudziwe Poirot ali wamphamvu, wodzitama, wokonda kuwongola chilichonse chopendekeka patebulo, sangamve kuwawa kwa tsamba limenelo.

Sikuti muwerenge onse 33. Anayi akukwana. Yambani ndi la Styles lija kuti muidziwe nyumbayo. Kenaka The Murder on the Links la 1923, momwe Hastings amakumana ndi mkazi amene akumulira mu Curtain. Lachitatu likhale Murder on the Orient Express la 1934, chifukwa m'menemo Poirot amakumana ndi funso loti achite chiyani pamene lamulo ndi chilungamo zasiyana njira, ndipo funso lomweli limabweranso molemera kwambiri kumapetoku. Mutsirize ndi The A.B.C. Murders la 1936 kuti muzolowere kacheza ka anthu awiriwa.

Mlandu wake wamangidwa chonchi. Poirot akuonetsa Hastings chidule cha milandu isanu yakupha. Pa uliwonse wolakwa anali woonekeratu, panalibe wokayika. Koma Poirot akuti pa milandu yonseyo panali munthu mmodzi yemwe anali pafupi, akumutcha X, ndipo munthuyo ali pakati pa alendo a ku Styles. Dzina akukana kulitchula, akuti nkhope ya Hastings siisunga chinsinsi. Poti iye satha kuyenda, Hastings ndiye akhale maso ndi makutu ake.

Apa ndi pomwe owerenga ambiri amasokera. Anazolowera kusaka botolo la poizoni, kiyi wa chitseko ndi ola lomwe wakuti anatuluka m'chipinda. Zimenezo zilimo, ngakhale nyemba yapoizoni ya Calabar yomwe Dr Franklin akuifufuza pamodzi ndi Judith, mwana wa Hastings. Koma mfundo zenizeni zili m'macheza: pa chakudya, pa masewera a makhadi, poyenda m'munda. Munthu akapsa mtima m'bukuli, bwererani masamba awiri kapena atatu muone yemwe anayankhula naye posachedwa ndi zomwe ananena. Kulakwitsa kwina n'kukhulupirira maganizo a Hastings, yemwe ndiye amasimba nkhaniyi. Iye sanama, amafotokoza zonse zomwe waona, koma tanthauzo lake amaliphonya pafupifupi nthawi zonse, makamaka nkhani ikakhudza mwana wake. Tengani zomwe waona, zomwe waganiza muzisiye.

Chilema chilipo. Poti linalembedwa kale n'kusungidwa, bukuli silionetsa bwino kuti nkhani ikuchitika chaka chiti, ndipo mukawerengera zaka za Poirot, yemwe anali atapuma kale ntchito yaupolisi ku Belgium pa nkhondo yoyamba, masamu sakugwirizana. Ine ndikuti zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi mutu womaliza, womwe ndi kalata ya Poirot yofika kwa Hastings patatha miyezi inayi iye atamwalira. Musaisuzumire nthawi isanakwane, ndipo filimu ya pa kanema ya 2013 yomwe David Suchet anasewera Poirot komaliza idikire mutatseka buku.

Kwa osamalira malaibulale ndi ogulitsa mabuku akale, chonde Curtain muziliika pambali pa The Mysterious Affair at Styles, ndipo wobwereka mumuuze atenge la Styles kaye.

Wowerenga wanu,
Zomba