Mwana wanga wa zaka 17 sanathebe msinkhu

Adokotala,

Ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 17, ali Fomu 3, koma mpaka lero sanayambe kusamba. Mawere sanamere, ndipo ndi wamfupi moti mng'ono wake wa zaka 12 anamupitirira kalekale. Yunifolomu imene ndinamusoketsera ali Sitandade 8 ikumukwanabe. Tonse tinkati n'zakumtundu, poti azakhali ake nawonso ndi aafupi.

Kuchipatala atamuunika m'mimba anati chiberekero chilipo koma n'chaching'ono, pomwe mabasiketi a mazira sanakule, angokhala timizere. Magazi anaonetsa kuti homoni ya FSH yakwera kwambiri. Anandimasulira kuti ubongo ukuitana koma mabasiketiwo sakuyankha, n'chifukwa chake thupi likusowa estrogen, homoni yomeretsa mawere ndi kuyambitsa msambo. Akukayikira matenda a Turner, obadwa nawo, amene amadza mtsikana akasowa kromozomu X imodzi mwa ziwiri zimene mtsikana amayenera kubadwa nazo (makromozomu ndi tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa cha munthu). Akuti amapezeka mwa mtsikana mmodzi pa atsikana pafupifupi 2,500 obadwa.

Kunyumba nkhaniyi yavuta. Apongozi anga akuti mwanayu anachita kumumanga, tipite naye kwa asing'anga, ndipo ine ndakanitsitsa. Bambo ake angoti chete. Anzake onse analangizidwa kale ndi anamkungwi. Mwezi wathawu ndinapeza paketi ya mapadi yosatsegula m'chikwama chake cha mabuku, nditamufunsa anati amayenda nayo kuti anzake asamuzindikire. Usiku umenewo sindinagone.

Ndiye ndifunse. Kuyeza makromozomu kotsimikizira matendawa kumachitika ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, kapena magazi amachita kutumizidwa kunja? Kuchipatala kuja anandiuzanso kuti ayezedwe mtima ndi impso, ndipo ayambe mankhwala a mahomoni kuti mafupa asafooke. Mankhwalawo adzamwa mpaka liti, nanga pa msinkhu wafikawu angatalikeko?

Koma chimene chikundidya mtima kwambiri ndi ichi. Ndinamva ndekha kuti mankhwalawa angabweretse mawere ndi msambo, koma mazira ayi, ndipo ambiri odwala Turner satenga mimba paokha. Mwanayu anali panja pamene ankandiuza zimenezi. Iye akuyembekeza kuti akangoyamba kusamba ndiye kuti zonse zatheka. Ndimuuze tsopano, kapena ndidikire alembe kaye mayeso a MSCE? Nanga mawu ake ndiwayambe bwanji kuti asadzione ngati si mkazi weniweni?

Ine mayi wodandaula,
Ntcheu