Kwa Chifundo, za laputopu ija ya usiku

Chifundo mwana wanga,

Mlongo wako anabwera Loweruka, ndipo takamba za iwe mpaka mdima. Usamukwiyire, ndinachita kumuumiriza ndine. Mawu a mpongozi wanga pafoni masiku ano samveka ngati kale, amangoti "tili bwino bambo", kenako zii. Ndiye mlongo wako wandiuza zimene anaona masiku anayi aja anagona kwanuko. Akuti anadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku Takondwa akulira, anapeza mkazi wako akuzungulira naye m'chipinda, maso ali psuu ndi tulo. Iwe unali pabalaza, magetsi ozima, nkhope yokha ikuwala ndi laputopu. Atakufunsa unati ukumalizitsa za kuntchito. Koma iye anaona bwalo lobiriwira pa sikirini, ndi mayina a osewera atandandalikidwa m'mbali.

Amayi ako atamva anangoti, "Mulembereni, mumuuze kuti wakula. Munthu wa zaka 30, wa mkazi ndi mwana, angamakhalirebe gemu?" Ndawauza kuti kulemba ndilemba, koma mawu amenewo ayi. Ndikanakhala ndikukunamiza, ndipo iwe ukanadziwa. Ukudziwa kuti mu laputopu yanga yakale ija muli Championship Manager 01/02, gemu ija yoyendetsa timu ya mpira, mpaka lero, ndipo ndimaitsegulabe Lamlungu lina masana. Amene anakukhazika pamiyendo n'kukuphunzitsa kuwerenga manambala a wosewera, kuyambira 1 mpaka 20, ndine. Unkaloza sikirini ndi kachala n'kumati, "Uyu ali ndi 20, mugule uyu." Choncho sindingabwere lero ndi nkhope yachilendo ngati sindikudziwa chimene chakugwira.

Gemu imeneyi si ya ana, ndipo amene amatero sanaikhalirepo. Mwana angapirire kuwerenga kontirakiti ya wosewera, kuwerengera malipiro a timu yonse pa sabata, kukangana ndi eni timu kuti amuonjezere ndalama zogulira wotchinga kumbuyo? Kevin Toms anatulutsa Football Manager yoyamba ija mu 1982. Paul ndi Oliver Collyer, pachibale pawo, anatulutsa Championship Manager mu 1992 ku England. Anyamata amene anayamba nthawi imeneyo pano ena ndi agogo ngati ine, ndipo ambiri sanasiye. Kampani ya a Collyer, Sports Interactive, itasiyana ndi Eidos, kampani imene inkawagulitsira gemuyo, dzina la Championship Manager linatsalira kwa Eidos, iwo n'kutulutsa Football Manager 2005 pamodzi ndi Sega kumapeto kwa 2004, ndipo tonse tinawatsatira komweko. Mu 2008 Everton, timu yeniyeni, inachita mgwirizano woti izigwiritsa ntchito nkhokwe ya mayina ndi manambala a osewera a mu gemuyi pofufuza osewera. Zinthu zoterezi sizikhala zoseweretsa za ana.

Koma pamenepo pomwe ndi pamene pandiopsa, Chifundo. Mpira weniweni umakuchotsa wokha. Mawondo amayamba kudandaula, mpweya umachepa, mnyamata wa zaka 19 amakudutsa ngati waima, ndipo tsiku lina umapachika nsapato popanda wokuuza. Gemu iyi siifuna mawondo, siifuna ngakhale zala zachangu. Imangofuna kuti ukhale pansi, uziganiza, uzidina batani la Continue, lopitirizira gemu. Ilibe wenzulo yomaliza. Ukatenga ligi, pali chikho cha ku Ulaya. Ukatenga chikho, msika wa osewera watseguka. Msika ukatseka, ana atsopano atulukira ku timu ya achisodzera, ndipo pali mmodzi wa zaka 16 amene ukufuna kuona kuti adzakhala wotani akadzafika 21. Osewera enieni onse akapuma, kompyuta imabala ena ake, mayina achilendo, nkhope zachilendo, ndipo umawakonda kuposa oyamba aja chifukwa unawalera wekha. Ukalamba sudzabwera kudzakutsekera laputopu. Ine ndinadikira kuti ubwere, sunabwere.

Pali nkhani imene amayi ako sakamba, ndipo ine sindinakuuzepo. Munali mu 2002, iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Unagona thupi likutentha pang'ono, tinati kucha bwino. Ine ndinali pa kompyuta ija ya sikirini yaikulu ngati bokosi, timu yanga ili mu semifainolo, Cherno Samba akugoletsa ngati wabwebweta. Amayi ako anandiitana kuchokera kuchipinda. Ndinati ndikubwera. Anaitananso. Ndinati kwatsala mphindi khumi. Kachitatu sanaitane. Pamene ndinkadzuka pampando, chitseko chakumaso chinali pululu, nsapato zawo palibe, bulangeti lako laling'ono lija palibe. Anakubereka okha usiku umenewo, n'kukagogoda kwa oyandikana nawo kuti awaperekeze kuchipatala. Ndinakupezani kumeneko, iwe uli gone, dzanja lili ndi diripi, milomo itauma gwa. Amayi ako sanandikalipire. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kubweza maso kwa iwe. Ndikanakonda akanandilalatira. Zaka zoposa 20 zapita koma maso aja ndimawaonabe, ndipo za semifainolo ija sindikumbukanso kuti tinapambana kapena ayi.

Ndiye mlongo wako atanena za mpongozi wanga akuzungulira ndi mwana, iwe uli pabalaza, ndinaona nyumba yanga yomwe ija. Ndinachita manyazi, chifukwa njira imeneyi ndinakulambulira ndine.

Za Samba yemweyo, popeza ndamutchula. Mu gemu anali chilombo, aliyense ankathamangira kumugula ku Millwall akadali mwana. M'moyo weniweni sanafike kumene kompyuta inamulosera. Anayendayenda, anakafika ku Cádiz, anasewerako ku Plymouth Argyle, zaka n'kumapita. Tonton Zola Moukoko wa ku Derby County chimodzimodzi. Ndikatsegula gemu yanga lero, onse awiri akadali anyamata, akudikira kuti ndiwagule. Ndingayambirenso ka 100, adzakhalabe pomwepo. Takondwa alibe batani loyambiranso. Mwezi uno akukwawa, mwezi wamawa adzagwira mpando n'kuimirira, ndipo adzachita zimenezo kamodzi kokha, kaya iwe ukuyang'ana kaya ayi.

Mlongo wako anaonanso nambala ija imene Steam, pulogalamu yotsegulira magemu, imalemba pansi pa dzina la Football Manager. Akuti maola 1,400. Ndatenga cholembera ndawerengera. Amenewo ndi masiku 58 athunthu, usana ndi usiku, osagona. Ukawagawa ngati masiku a ntchito a maola 8, akukwana masiku 175. Sindikudandaula kuti maolawo ndi ambiri. Ndikufunsa kuti unawatenga kuti. Kuntchito sanakupatse tchuthi cha masiku 175. Unawatenga ku tulo tako, ndi kwa mkazi wako, amene ankadzuka yekha pamene mukanasinthana. Iye ndi amene walipira sizoni zako zonsezo, ndipo sunamufunse.

Ndikudziwa zimene undiyankhe, chifukwa unandiuzapo kale tikuonera mpira. Uzanditchulira Will Still. Inde, ankasewera Football Manager ali mnyamata ku Belgium, ndipo mu 2022, ali ndi zaka 30, anapatsidwa timu ya Reims mu ligi yaikulu ya ku France, timuyo n'kumalipira chindapusa pa masewero chifukwa analibe satifiketi yapamwamba ya aphunzitsi a mpira, ya UEFA Pro. Nkhani yokoma, ndimaikonda inenso. Koma mnyamata uja anadzuka pampando. Anakagwira ntchito yopenda mavidiyo a masewero ku timu ya Sint-Truiden, anaphunzitsa timu ya Lierse ali ndi zaka 24, anaima pabwalo kukuzizira n'kumakangana ndi anthu enieni. Gemu inamuyatsira moto, iye n'kutuluka nawo panja. Iwe ntchito yako si ya mpira, ndipo sukufuna kuti ikhale ya mpira. Usabisale kumbuyo kwa Will Still.

Chimene chandipweteka kwambiri si gemu. Ndi bodza lija, loti ukumalizitsa za kuntchito. Chifundo, iwe sunali mwana wabodza. Unaswa galasi la pawindo uli ndi zaka 9 n'kubwera wekha kudzandiuza ndisanafunse, mpira uli m'khwapa, misozi ili chuchuchu. Lero ukunamiza mlongo wako chifukwa cha gemu? Ndipo ngati unanamiza iye, mkazi wako wamva bodza lomweli kangati? Munthu akayamba kubisa chinthu, ndiye kuti mumtima wadziweruza kale. Ine ndinkatembenuza sikirini amayi ako akamalowa. Ndikulidziwa dzanja limenelo, limathamanga lokha.

Sindikunena kuti ukudwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la magemu m'ndandanda wake wa matenda mu 2019, ndipo ndandandawo unayamba kugwira ntchito mu 2022. Iwo sawerenga zaka za munthu. Amayang'ana ngati munthu akulephera kudziletsa, ngati gemu yakhala patsogolo pa zina zonse za moyo wake, ndiponso ngati akupitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuonongeka, kwa miyezi 12 kapena kuposa. Amanenanso kuti ndi ochepa mwa osewera amene amafika pamenepo. Ndikukhulupirira kuti iwe sunafike. Koma werenga zitatuzo wekha, usiku wina laputopu ili yotseka, udziyankhe moona.

Paja chaka cha 2025 chikuyamba, Sports Interactive inalengeza kuti Football Manager 25 situluka, ndipo unandiimbira foni wokhumudwa ngati kwagwa zovuta. Ine mumtima ndinati mwina mwana wanga apuma. Koma unangobwerera ku gemu yako yakale, pamene unasiyira, ndipo yatsopano itatuluka mu Novembala unayambiranso. Nthawi yomweyo n'kuti mpongozi wanga ali woyembekezera, akutopa. Ndinaona, ndinakhala chete. Pamenepo ndinalakwa.

Sindikuti ufufute gemu. Ukaifufuta mokwiya udzaibwezeretsa pakatha sabata ziwiri, ndipo udzabisa kuposa kale. Ndinayesapo, ndinathyola diski pakati, mwezi usanathe ndinali nditabwereka ina kwa mnzanga. Chimene chinandithandiza n'chochepa. Usamatseke gemu pa tsiku la masewero. Ukapambana umafuna ena, ukagonja umafuna kubwezera, ndipo kunja kumacha. Uzitseka pakati pa sabata, pamene palibe chikuchitika koma osewera akungochita zokonzekera, pamenepo mtima sukoka. Msika wa osewera ukatseguka, usauyambe usiku, umadya maola osamva. Laputopu isalowe kuchipinda. Ndipo Takondwa akalira, dzuka kulira koyamba. Masewerowo amaima ukadina batani limodzi, osewera ako adzauma pomwepo mwendo uli m'mwamba mpaka ubwere. Kulira koyamba, Chifundo, osati "kwatsala mphindi khumi". Mawu amenewo ndimadana nawo, ndipo sindikufuna atuluke m'kamwa mwa mwana wanga.

Mkazi wako umuuze zoona. Umuuze kuti umaikonda gemuyi, kuti imakupumitsa mutu ukaweruka, pakuti zimenezo n'zoona ndipo si tchimo. Kenako umufunse kuti iye amapuma liti. Mugwirizane masiku, mugwirizane ola, ndipo ukanena 10 koloko ikhale 10 koloko. Akuluakulu anati ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere. Mpongozi wanga ndi wofatsa, sakuuza kawiri. Amayi ako nawonso anali ofatsa, ndipo unamva kuti kachitatu sanaitane. Mkazi akasiya kukuitana usaganize kuti zinthu zakhala bwino.

Ndimakunyadira, usaiwale zimenezo powerenga kalatayi. Umagwira ntchito molimbika, sumwa, sunatichititsepo manyazi. Amayi ako amati bola gemu kusiyana ndi kumowa, ndipo ndimavomereza, koma ndimawauzanso kuti woledzera aliyense amamuona akudzandira, pamene wa gemu amaoneka wabwinobwino, ali pakhomo, ali phee pampando, chonsecho m'nyumbamo mulibe. Ine ndinakhala choncho zaka zitatu, ndipo anthu ankanditama kuti ndine bambo wosayendayenda.

Usakalipire mlongo wako, ndabwerezanso. Usakafunsenso mpongozi wanga kuti wanena chiyani kwa ife, sananene kanthu, wakubisira mpaka lero. Kalatayi ukafuna umuonetse, ndime ya 2002 ija ndi yake yomwe.

Tibwera kumapeto kwa mwezi, ine ndi amayi ako. Usiku woyamba mwana tidzagona naye ife, inu awiri mudzagone tulo. Ukandiyankha usandilembere za timu yako, ndidzaiona ndikabwera, Lamlungu masana, mwana atagona. Undilembere kuti Takondwa wamera mano angati, ndipo uwawerenge wekha, usakafunse amake.

Ndine bambo ako.