Zithunzi zolemera zikutithera bandulo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko m'malo mwa ife amene timawerenga nkhani pafoni. Dzulo ndinatsegula nkhani ina ya ndime zinayi zokha. Mawu anabwera nthawi yomweyo, koma chithunzi chinkatuluka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba: tsitsi, chipumi, maso. Pomwe chinkafika pachibwano n'kuti nditawerenga kale nkhani yonse. Nditachisunga m'foni ndinapeza kuti ndi cha 5 MB. Nkhope imodzi basi!

Gwero lake si lobisika. Kamera ya ma megapixel 12 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 4000 chopingasa ndi 3000 choimirira, pomwe malo ake patsamba kawirikawiri sapitirira 1200. Ambiri okweza nkhani amangochikweza mmene chatulukira m'kamera, n'kuuza tsamba kuti lichionetse chaching'ono. M'maso chimachepadi, koma foni yanga yakoka chonsecho ndipo bandulo yapita. Mukanayamba mwachichepetsa kufika pa 1200 ndi 900, mapikiselo akanatsika kuchoka pa 12 miliyoni kufika pongopitirira 1 miliyoni, ndipo pafoni palibe akanaona kusiyana.

Mukatero, chisungeni ngati fayilo ya mtundu wa JPEG, quality yake (mlingo wa kuoneka bwino kwake) muiike cha pa 80. Yemwe amaiika pa 100 amangolemetsa katundu pachabe. Fayilo ya mtundu wa PNG isiyireni malogo ndi zojambula zokhala ndi zilembo. Chithunzi cha anthu pamsonkhano mukachisunga ngati PNG chimatupa zosaneneka. WebP, fayilo ya mtundu wina imene Google inatulutsa mu 2010, nthawi zambiri imapepuka kuposa ziwirizi, ndipo mabrowser (mapulogalamu otsegulira masamba a intaneti) a masiku ano amaitsegula bwinobwino. Ndalama sizilowapo: Squoosh, pulogalamu yochepetsera zithunzi, ndi yaulere, imagwira ntchito mu browser momwemo, ndipo imakuonetsani chakale ndi chatsopano pambalipambali musanasankhe.

Chokhacho, musamataye choyambirira chija. JPEG mukamaisintha n'kuisunganso mobwerezabwereza imanka nichita mbuu, ndipo zomwe zatayika sizibwerera. Komanso chithunzi chochokera m'foni chimatha kunyamula malo enieni amene chinajambulidwa, m'zimene amati EXIF. Mtolankhani amene wajambula munthu wofuna kubisika aganizirepo kawiri asanachikweze chosakonza.

Pempho langa n'lakuti amene amakweza nkhani azipatsidwa malire omveka, kaya 200 KB pa chithunzi chilichonse, ndipo chopitirira pamenepo chizibwezedwa chikakonzedwe.

Ndine wanu,
Wowerenga wa tsiku ndi tsiku